Kukhwapa kwa a Tcheya

Rahila ankanena yekha kuti mphuno yake sinamunamizepo. Pa msika wa nsomba wa m'mbali mwa msewu pa Chia, ankazindikira chambo cha dzulo chili m'beseni la munthu wina, ngakhale mwiniwake atachiwaza madzi mpaka kunyezimira. Choncho tsiku limene amuna ake, a Latifu, analowa m'nyumba akununkhira mandimu, iye sanafunse kanthu. Anangoisunga nkhaniyo pafupi, monga momwe umaikira mpeni pamalo poti uupeze msanga.

A Latifu anali atangosankhidwa kumene kukhala wapampando wa komiti ya asodzi a padoko. Udindowo unabwera ndi chidindo, chikwama chakuda, ndi maulendo a ku misonkhano pa galimoto la bungwe lina loona za nsomba. Malipiro panalibe, koma chikwamacho ankachinyamula ngati muli nyanja yonse. Anthu anayamba kuwaitana kuti a Tcheya, ndipo posakhalitsa dzina la Latifu ankaliyankha mochedwa, ngati la munthu wina amene anamudziwapo kale.

Kenako anasintha kayendedwe. Ankayenda mikono itatalikira thupi, ngati anyamula zidebe ziwiri zosaoneka. Padoko anthu anati udindo wawakwera, ndipo a Latifu atamva sanatsutse. Rahila anaonanso kuti mtengo wa mandimu wa kuseri kwa nyumba ukutha zipatso, pomwe tiyi wa pakhomopo anali wamkaka.

Zonsezi akanazipirira. Koma pali ntchito imene anankungwi amam'patsa mkazi polowa m'banja, ndipo siibwerekedwa: kumeta mwamuna wake malo amene dzuwa silifika, kuyambira kukhwapa. Lezala limakhala kwa mkazi. La Rahila linkakhala m'kachitini, pansi pa zitenje, ndipo chikwatiranireni, Lachisanu m'mawa a Latifu asanapite ku swala ya Ijumaa, iye ankakhoma chitseko n'kugwira ntchito yake mosamala. Mwamuna akapezeka wometedwa mkazi wake asanatsegule kachitini, ngakhale mwana wotha msinkhu dzulo amadziwa kuti kwinakwake kuli kachitini kena.

Lachisanu loyamba a Latifu anati achedwa, ali ndi zokambirana ndi akuluakulu. Lachisanu lotsatira anati tsitsi silinakule. Anayamba kusamba atatseka bafa ndi chingwe, n'kumagona ndi malaya ngakhale kunja kunkatentha moti abakha ankayenda kukamwa kuli yasa. Ndiye tsiku lina, akutambasula mkono kuti atenge chisoti pa msomali, mkono wa malaya unatseguka pang'ono. M'nyumbamo munali kamdima, koma Rahila anaona zokwanira. Kukhwapa kunalibe tsitsi.

Anapita kuchipinda n'kutsegula kachitini. Lezala linali momwemo, litayamba dzimbiri m'mphepete.

Rahila sanali mkazi wosadziwa chipembedzo chake. Ankadziwa kuti mwamuna amaloledwa kutenga wachiwiri, ndipo akanapita kwa shehe akanangouzidwa za kuleza mtima. Koma malata a nyumbayo anagula ndi iye, ndi nsomba zimene anaziwamba mpaka maso kufiira ndi utsi, ndipo sankafuna kudzamva za mkazi mnzake kuchokera kwa anthu ogula mpunga wa pa nikaha, ukwati wa Chisilamu. Anayamba kuwayeza m'mutu akazi onse a m'deralo, mmodzimmodzi. Ngakhale amene ankapemphera nawo mzere umodzi anayamba kuoneka kuti amamupatsa moni mokoma mopitirira.

Tsiku limene a Latifu ananena kuti akupita ku boma kukaonana ndi a zansomba, Rahila anakwera minibasi yotsatira. Sanawapeze ku ofesi iliyonse. Anawapeza mumsika, pa benchi la Asha, mayi wamasiye wogulitsa ubani, wanja wopaka m'maso ndi mafuta odzola. A Tcheya anali atawerama, chikwama chili pakati pa miyendo, akulankhula motsitsa mawu. Asha anaseka ataphimba pakamwa ndi mpango. Kenako a Latifu, pamaso pa anthu onse a mumsika, analoza kukhwapa kwawo ndi chibwano, ndipo Asha anawapatsa kabotolo atakakulunga m'pepala.

Kuyambira tsiku limenelo fungo la mandimu linatha. Panabwera kafungo ka kokonati, ndipo kuseri kwa kokonatiyo kunalibe kanthu. Izi n'zimene zinamuopsa kwambiri Rahila. Kwa zaka zonsezi ankatha kuwazindikira amuna ake akadali pa mpanda: thukuta, utsi wa injini ya boti, ndi kafungo kena kawokawo kopanda dzina. Tsopano m'nyumba mwake munkalowa munthu wosadziwika, wopanda fungo lake, atakweza mikono.

Anaitanitsa ankhoswe.

Anafika Loweruka m'mawa: a Useni, malume a a Latifu, mkulu wouma ngati nkhafi, ndi a Habibu, mchimwene wa Rahila, amene sankalankhula kawirikawiri ndipo akalankhula anthu ankalakalaka akanangokhala chete. Rahila sanachulutse mawu. Anaika kachitini pa mkeka, n'kukatsegula, n'kuonetsa dzimbiri. Anatchula mandimu, chingwe cha pabafa, malaya ogona nawo ndi benchi la Asha. Pomaliza anati akungofuna kudziwa mwini wa lezala linalo, kuti ngati ndi wa m'banja lino amulandire ndi ulemu wake.

A Latifu anayankha kwa nthawi yaitali. Anafotokoza za kulemera kwa udindo, za nyengo yotseka nyanja, za anthu ansanje amene safuna chitukuko. Anatchulapo mawu akuti ndondomeko kangapo. A Useni anawalola mpaka mawu atawathera, kenako anafunsa kuti nanga anameta ndani.

A Latifu anati nkhaniyo ndi yovuta kuifotokoza pagulu.

"Vula malaya," anatero a Useni.

"Amalume, ine ndine tcheya."

"Wa nsomba. Vula, ukweze manja."

A Latifu anayang'ana mlamu wawo, koma a Habibu anali kuyang'ana denga. Anamasula mabatani pang'onopang'ono, n'kupinda malayawo bwinobwino pamwamba pa chikwama, kenako anakweza manja ngati munthu amene wakumana ndi achifwamba.

Onse anayang'ana kukhwapa kuja. Khungu linali lofiira, losupuka, lili ndi mabala a lezala opingasapingasa. Kumbuyo, kumene diso la mwiniwake silifika, tsitsi linatsala zigamba, ngati munda umene waganyu wauthawa dzuwa litakwera.

A Habibu anasendera pafupi, nayang'ana uku ndi uku mofatsa ngati akugula mbuzi.

"Mlongo, apa sipanafike mkazi," anatero. "Ndipo ngati anafika, ndiye kuti amadana nawo kwambiri alamuwa. Gona tulo."

Nkhani yonse inatuluka a Latifu akadali chikwezere manja, poti palibe anawauza kuti atsitse. Pa ulendo wawo woyamba wa ku Salima anakhala mpando umodzi ndi Mayi Jenifer, a ku bungwe kuja. Kunkagwa mvula. Atangodutsa mlatho wa Chia, mayiwo anatsegula zenera. Mvula inkawamenya kumaso, tsitsi lawo la ku saluni linanyowa, koma zeneralo sanatseke mpaka pa Benga. Sananene liwu lililonse loipa. Potsika anati zikomo a Tcheya.

Atabwerako a Latifu anagula kamafuta kopaka kukhwapa ka m'sitolo. Kanawayabwa, ndipo wina ku mzikiti anawauza kuti zoterezi amathiramo mowa, moti anakataya. Dalaivala wa bungwe anawalangiza mandimu, nati ndi zachilengedwe, koma amagwira bwino pamalo pometedwa. Pamenepo ndipo anagula lezala lawolawo, n'kukadzimeta kuseri kwa bafa akuyang'ana pa kalilole wothyoka wa njinga yamoto. Atamaliza anafinyirapo ndimu pomwepo. Anati anatchula mayina onse a Mulungu amene ankawadziwa, ndi ena amene sankadziwa kuti amawadziwa. Mawa lake anapakanso, poganiza kuti mankhwala akamawawa ndiye kuti akugwira ntchito. Mandimu atawakanika anapita kwa Asha, amene anawapatsa soda wosakaniza ndi mafuta a kokonati. Sodayo anangopitiriza pamene mandimu analekera.

A Useni anafunsa chifukwa chimene sanauzire mkazi wake, munthu amene anali ndi lezala, manja ndi mphuno.

A Latifu anatsitsa manja. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analankhula mwachidule.

"Mlendo sanapirire ngakhale theka la ulendo, anatsegula zenera. Ndinati nanga awa, zaka zonsezi, m'chipinda cha zenera limodzi, akhala akupirira chotani? Ndinachita manyazi kuwafunsa."

Rahila anatseka kachitini.

"Amuna anga, ine nsomba ikayamba kuwonongeka ndimamuuza mwiniwake, ngakhale akhale m'bale wanga. Inu munali nsomba ya lero."

Ankhoswe anagamula kuti lezala lachilendolo likaponyedwe m'chimbudzi, ndipo a Latifu apereke nkhuku chifukwa cholanda mkazi ntchito yake. Nkhukuyo inaphedwa tsiku lomwelo, ndipo ankhoswewo anaonetsetsa kuti chigamulo chawo chatsatidwa mpaka fupa lomaliza.

Kwa masiku angapo Rahila sanalole chilichonse kufika pa mabalawo koma madzi ofunda ndi utomoni wa alovera. Mikono ya a Tcheya inayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo padoko anthu anati munthu uja wayamba kudzichepetsa. Izinso a Latifu sanatsutse.

Mabala atapola, Rahila anapita yekha kwa Asha. Anati akufuna mankhwala, koma kwenikweni ankafuna kumuona pafupi. Asha anamulandira bwino, mwina bwino kwambiri. Anati iye anawauza a Tcheya kuti soda sayanjana ndi aliyense, ayambe ayesa pang'ono pa mkono, koma iwo anayankha kuti khungu lawo si la khanda. A Tcheyawo za mabala sanamuuze. Pofotokoza izi Asha anasekanso ataphimba pakamwa, ndipo Rahila anaona kuti mano ake ndi abwino, chinthu chimene sichinamusangalatse. Anagula kamwala koyera konga mchere wouma, kotchedwa shabu, kamene umakanyowetsa n'kupaka. Anagulanso mafuta a kokonati opanda chosakaniza. Anatsanzika mwaulemu, n'kutsimikiza mumtima kuti pa benchi limenelo banja lake lizidzaimiriridwa ndi iye.

Kunyumba anawakhazika a Latifu pa mpando n'kuwayesa mkati mwa mkono, pamene khungu lili lofewa, chinthu chimodzi pa tsiku. Soda anasiya chizindikiro chofiira ngati chidindo cha komiti. Ndimu sanayese n'komwe, anati mtengowo wavutika mokwanira. Shabu sanawachite kanthu. Ufa wa chinangwa, wosefa pa kansalu mpaka kusalala, atausakaniza ndi mafuta a kokonati, nawonso sunawachite kanthu.

Zinatsala ziwiri, ndipo Rahila anazipatsa mphuno yake kuti iweruze. Anapeza kuti shabu ndi wamphamvu: akawapaka m'mawa, a Latifu ankabwera madzulo ali munthu wosadziwika uja, ndipo mawa lake anali akadali yemweyo. Ufa wa chinangwa unali wofatsa. Unkagwira bwino m'mawa wonse, kudutsa masana, koma ikamakwana swala ya Aswiri, dzuwa litapendeka, mwamuna wake ankayamba kubwerera pang'onopang'ono, ngati bwato lochokera kutali.

A Latifu anakonda shabu. Anati ndi woyenera munthu wa udindo. Rahila anavomera, n'kuika kamwalako m'kachitini pamodzi ndi lezala latsopano, pansi pa zitenje, pamene mwamuna wolemekezeka sapisapo dzanja.

Sipanapite nthawi, kunabwera uthenga wa msonkhano wina ku Salima. M'mawa wa tsikulo a Latifu anakhala pa bedi atavula malaya, manja ali m'mwamba, akudikira. Rahila anatulutsa kamwala kaja n'kukaviika m'madzi. Kenako, ngati wangokumbukira, anafunsa kuti msonkhanowo utha nthawi yanji. A Latifu anati cha m'ma Aswiri. Anafunsanso kuti m'galimotomo mukhala ndani. Anatchula dalaivala, anatchula mlembi wa komiti, ndipo atakhosomola pang'ono anatchula Mayi Jenifer.

Rahila anaganizira za mayi amene angalole tsitsi la ku saluni kunyowa osanena liwu limodzi loipa, n'kuthokozanso potsika. Mkazi waulemu wotere, akadzapeza kuti palibenso chifukwa chotsegulira zenera, angayambe kucheza.

Anapukuta kamwalako pa chitenje, n'kukabwezera m'kachitini. Anatenga kambale ka ufa wa chinangwa.

A Latifu anafunsa ngati ufawo ukwanire ulendo wonse.

"Popita mukafika bwino," anatero Rahila, akupaka mosamala. "Pobwera, galimotolo lili ndi mazenera."