Makalata a Malemu mu Imelo ya Mnzanga

Kompyuta ya mnzanga, mayi wosoka zovala, inayamba kukana kutsegula imelo. Akadina, pankabwera uthenga woti pulogalamu yolowera pa intaneti yakalamba, aike yatsopano. Anaitana ine, poti pamzere wathu wa mashopu amanditcha Injiniya. Uinjiniya wake uti? Ine ndimangogulitsa machaja a foni basi!

Ndinamupeza kushopu kwake, kompyuta ili pakati pa nsalu ndi makina osokera.

"Achemwali, chonde mugwire mosamala," anatero mnzangayo. "Mu imelomo muli makalata a bambo a ana, aja ankandilembera ali kuntchito kutali. Chimwalirireni iwo, ndimawerenga imodzi Lamlungu lililonse."

"Aa, kantchito ka mphindi zisanu aka," ndinayankha modzikweza.

Ndinachotsa pulogalamu yakale ija. Kompyuta inafunsa ngati ndikufuna kufufutanso zonse zimene pulogalamuyo inasunga. Ine ndinati nyumba yatsopano salowamo ndi zinyalala, n'kudina kuti inde. Yatsopano inalowa bwinobwino. Koma titatsegula imelo, inafuna pasiwedi.

"Lembani pasiwedi yanu apa," ndinatero.

"Pasiwedi? Ine sindinailembepo chiyambire. Imangotseguka yokha. Anakonza ndi malemu zimenezo."

Mayo ine!

Tinaitana aphunzitsi a makompyuta amene amakhala kuseri kwa shopuyo. Anayesa njira ya anthu oiwala pasiwedi. Imelo inatumiza nambala yotsimikizira kufoni ya malemu, laini imene inatsekedwa zaka zitatu zapitazo. Aphunzitsiwo anabwerabwera masiku atatu, kuyankha mafunso osiyanasiyana amene imelo inkafunsa, koma imelo ija sinatseguke.

"Ndiye kuti ndinalakwa kuika pulogalamu yatsopano?" ndinafunsa.

"Ayi mayi, kuikako n'kofunika," anatero aphunzitsi. "Pulogalamu yakale ili ngati loko wakutha, akuba a pa intaneti savutika naye. Chimene munalakwitsa ndi kufufuta. Pasiwedi ija inali yosungidwa m'pulogalamu yakaleyo. Mukanatsegula malo osungira mapasiwedi, mukanaiona n'kuikopera papepala. Komanso sipafunika kuchotsa yakale. Mumangodina polembedwa kuti ikonzedwe, yatsopano imalowa pamwamba pake, zinthu zanu zili momwemo."

Zoonadi safunsa anadya phula, koma apa phula analidya ndi mnzanga wosalakwa.

Aphunzitsi anatsegulira mnzangayo imelo yatsopano. Anaikamo nambala ya foni yake yomwe, ndipo pasiwedi anasankha mwiniwake n'kuilemba m'kabuku kamene amasunga kunyumba. Anamuphunzitsanso kukopera zinthu zofunika pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta. Lero kompyuta ikuyenda bwino, makasitomala akutumiza zithunzi za madiresi popanda vuto. Sabata yatha alamu anga anandiitana pa ntchito yomweyi. Ndinakana kugwira kompyuta mpaka atalemba okha pasiwedi n'kulowa mu imelo ine ndikuona, ndipo palibe chinatayika.

Koma makalata aja anapita. Mnzanga sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Nditapita kukapepesa kachitatu, anasiya kusoka n'kundigwira dzanja.

"Basi achemwali, mumafuna kundithandiza," anatero. "Chondiwawa n'choti ndayamba kuiwala mmene ankayambira kalata."

Ndinalira ngati mwana pakati pa nsalu za eni ake.

Abale anga, muzikonza mapulogalamu anu akakalamba, koma musanagwire kompyuta ya mnzanu, mufunseni ngati akudziwa pasiwedi yake ndiponso ngati nambala yolembetsera imelo ikugwira ntchito. Zofunika zonse koperani kaye pa fulashi. Ndipo kompyuta ikakufunsani zofufuta, chotsani dzanja, muitane wodziwa.