Kapeti Yonyowa ya Pabalaza

Madzi anali atasiya kutuluka m'paipi, koma m'kapeti anali akadalimo. Munthu akaponda, ankatumphuka pakati pa zala zakumapazi n'kubwereranso pansi mwakachetechete. Bambo anali pampando wawo, atapinda thalauza mpaka m'mawondo, mapazi ali pa maluwa ofiira a kapetiyo. Ankangowayang'ana. Chinyowereni, maluwawo ankaoneka akuya ngati omera pansi pa dziwe, ndipo nthawi zina ankakhala ngati akugwedezeka.

Paipi ya kubafa inaphulika tsiku loika maliro a mkazi wawo, nyumba ili yokhoma, aliyense ali kumanda. Pobwerako anapeza madzi akuwachingamira pakhomo. Mipando ina anaitulutsa, mabuku anawayanika padzuwa, koma kapeti bambo anakana kuti isunthidwe. Tsopano inali itayamba kununkha ngati galu wovumbwidwa ndi mvula.

"Ababa, mudwala chibayo," anatero mwana wawo wamkazi, chitsiriza cha m'nyumbamo, namwino amene anadwazika mayi ake mpaka mapeto. "Kwezani mapazi."

Bambo anakweza phazi limodzi, n'kulibwezera pomwepo.

Mwana wawo wamwamuna, wachisamba, anali pakhonde, foni ili kukhutu. Ankagwira ntchito kutali, ndipo kunyumba ankamutchula kuti Mawa, chifukwa akafunsidwa kuti abwera liti yankho linkakhala lomwelo. Nthawi ino anafika mayi ake atatsekedwa kale maso. Analowa pabalaza nsapato zili kumapazi, zikulira m'madzi.

"Zatheka. Akutumiza munthu lero lomwe," anatero. "Mwaona? Inshuwalansi ija munkati ndikuponya ndalama m'chitsime, lero ndi imene itipukute misozi."

"Vulani nsapato, achimwene. Amayi akanakuonani."

"Ndivule m'dambo ngati lino?"

"Ndiye muziti mwayenda ulendo wonsewu kudzapukuta misozi ya kapeti."

"Iwe, ndani ankalipira mwezi ndi mwezi?"

"Inu. Ndalama zanu sizinkaphonya. Izo njira yobwerera kuno zinkaidziwa."

Bambo sanamve zonsezi, kapena anamva ngati mmene munthu amamvera wailesi ya nyumba yoyandikana. Iwo anali pamsewu, tsiku limene anagula kapetiyo. Analibe ndalama ya galimoto, choncho anaikulunga n'kuisenza paphewa, iwo kutsogolo, mkazi wawo kumbuyo. Anyamata a pagolosale anakuwa kuti, "Mwapha nsato, achikulire!" Mkaziyo anaseka mpaka mtolo wonse unagwedezeka, ndipo kusekako kunayenda m'kapetimo n'kudzafika paphewa pawo. Anakhudza phewalo tsopano. Linali lozizira.

Mayi wa ku inshuwalansi anafika dzuwa litapendeka. Anali ndi chikwama chaching'ono, tepi yoyezera ndi foni yojambulira. Atafika pakhomo anayang'ana pansi, n'kuvula nsapato popanda womuuza. Bambo anadzutsa mutu.

"Pepani ndi zovutazi, bambo," anatero, atapinda mawondo pang'ono. Kenako anagwada n'kutukula ngodya ya kapeti. Madzi anayenderera pamkono pake. "Sinamatidwe pansi?"

"Ndi yongoyala," anayankha chitsiriza.

"Ndiye ndi katundu wa m'nyumba, ili m'manja mwathu. Paipiyo ndi khoma ndi nkhani ina, imeneyo ndi ya inshuwalansi ya nyumba yeniyeniyo. Ife timalipira ngozi yogwa mwadzidzidzi: madzi ngati awa, moto, akuba. Koma kutha kwa ukalamba ayi. Njenjete ayi. Tiyi amene anatayika zaka zapitazo, ameneyo ndi wanu."

"Tiyi ndi wa achimwenewa," anatero chitsiriza. "Chibanga icho pafupi ndi kabati. Anakwapulidwa nacho."

"Ndinali mwana."

"Munali ndi ndevu."

Mayiyo anabisa kumwetulira. Mawa anafunsa mwachangu kuti, "Ndiye mutipatsa yatsopano?"

"Pali njira ziwiri. Mukafuna, titumiza anthu aichape ndi makina n'kuiumitsa. Koma yakhalitsa m'madzi, mitundu yayamba kusuluka, ndipo fungo mwina silidzatheratu. Mukasankha zimenezo, nkhani yathera pomwepo, simudzabweranso kudzadandaula. Apo ayi, tikugulirani ina yofanana nayo. Yakaleyi tinyamula, ikhala ya kampani."

"Kupita nayo kuti?"

Anali bambo. Mawu awo anatuluka okhakhala, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa.

"Kumene timataya zowonongeka, bambo."

"Ayi."

"Ababa," anatero Mawa, "yawola iyi. Mudzakhala nokha m'nyumba muno mukupuma nkhungu. Yatsopano ndi yaulere, ndinalipira kale."

"Ayi."

"Chifukwa chiyani?"

Bambo anayang'ana maluwa a pansi pa mapazi awo.

Mawa anayenda mpaka pakhomo n'kubwerera. Mawu ake anatsika. "Mankhwala anagula ndi mlongo wanga. Kuchipatala anagona ndi mlongo wanga. Bokosi ndinapeza mutasankha kale. Ndiloleni ndichiteko chinthu chimodzi chokha m'nyumba muno. Chimodzi."

Chitsiriza sanamunyoze ulendo uno. Anapita kukafinya nsanza m'ndowa, ngakhale kuti inali yofinya kale.

"Wosankha ndi amene dzina lake lili pa inshuwalansi," anatero mayi uja mosamala, maso ali pa tepi yake.

"Ndine," anatero Mawa. "Yezani. Mubweretse yatsopano."

Mayiyo anayamba kuyeza. Ankakwawa m'mbali mwa khoma, siketi atayikwinyira m'mawondo, tepi ikutuluka ndi kubwerera. Dzuwa linalowera pawindo n'kugwera pamadzi, ndipo kuwala kwake kunakwera kudenga, kumavina pang'onopang'ono. Bambo anakuyang'ana. Zinali ngati nyumba yonse yamira, ndipo iwo akhala pansi pa mtsinje, anthu akuyenda pamwamba pawo. Kwinakwake kumbuyo kwa khutu ankamva burashi ya mkazi wawo ikukwecha kapeti, kuchokera kukhomo kupita kuwindo, monga m'mawa uliwonse wa zaka zonse zija. Anadikira kuti auzidwe kuti akweze mapazi. Burashiyo inafika pampando wawo n'kudutsa.

"Apa pokha si madzi."

Mayi uja anali atakankha katani wa pawindo, amene ankafika mpaka pansi. Kuseri kwake, pafupi ndi khoma, kapeti inali ndi zipsera ziwiri zoyandikana. Ubweya unali utatheratu, kwatsala ulusi woyera wa pansi. Chilichonse chinali chaching'ono ngati chikhatho cha mwana.

"Ndiyenera kujambula, chifukwa izi ndi zakale. Panali tebulo apa?"

"Sipanakhalepo tebulo," anatero chitsiriza, atabwera kudzaona. "Ine sindinaziwonepo n'komwe."

"Makoswe," anatero Mawa.

Mayi uja anati, "Makoswe sadya mwaulemu chonchi, bambo. Apa panaperepeseka ndi kupondedwa. Koma phazi la munthu likadasiya malo aatali. Izi n'zazifupi."

Mpando unalira. Bambo anaimirira, n'kuyenda m'madzimo pang'onopang'ono mpaka pawindo. Anayang'ana zipserazo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Vula nsapato."

"Ababa..."

"Vula."

Mawa anavula, ndi masokosi omwe. Bambo anamugwira dzanja la malaya n'kumukokera pawindo, monga ankachitira pomuwolotsa msewu ali wamng'ono. Anawerama, nagwira phazi lake lamanja n'kuika zala zake pa chipsera chimodzi, lamanzere pa chinacho. Zala zokha ndi zimene zinakwanapo. Zidendene zinatsalira pa ubweya.

"Ukuona chiyani?"

"Mpanda. Msewu. Pokwerera basi."

"Ndiwe wamtali."

Anaika manja onse awiri pamapewa a mwana wawoyo n'kukanikiza. Mawa anapinda mawondo, natsika, natsikabe, mpaka mutu wake unafika pachifuwa pa bambo ake. Pamenepo manjawo analeka kukanikiza.

"Mayi ako ankalekezera apa. Ukuona chiyani?"

"Mpanda wokha."

"Kweza zidendene."

Mawa anakweza, mawondo ali chipindire. Thupi lonse linatsamira pa zala zakumapazi, ndipo zalazo zinakhazikika m'zipsera zija ngati m'nsapato zakezake. Pamwamba pa mpanda panatulukira denga la pokwerera basi, kenako kamzere kakang'ono ka msewu, kokwanira kuona mitu ya anthu otsika.

Chitsiriza anaphimba pakamwa ndi nsanza yonyowa ija osazindikira. Bambo anabwerera kumpando wawo, nakhala pansi, nabwezera mapazi pamaluwa.

Patali panamveka injini. Basi inatulukira pakona, yodzaza, n'kuima. Chitseko chinatseguka.

"Bambo," anatero mayi wa ku inshuwalansi motsitsa mawu, "ndikauze anzanga kuti chiyani?"

"Aichape," anatero Mawa, osacheuka.

Mitu inayamba kudutsa pamwamba pa mpanda: duku lobiriwira, chipewa, mwana ali paphewa pa munthu, mtolo wa ndiwo zamasamba. Mawa anagwira chitsulo cha windo ndi dzanja limodzi kuti asagwe, ndipo pamene anagwirapo utoto unali utasalala kale. Sanatsitse zidendene mpaka munthu womaliza atatsika, chitseko chitatsekedwa, basi n'kunyamuka.