Kachewere wa pa Mlangeni

Dailes anatopa nako kujambula maukwati. Ankafuna chithunzi cha chipwirikiti chenicheni. Lole ya mbatata ya kachewere itagubuduzika pa Mlangeni, anathamangirako. Anapeza anthu akukankhana, matumba akung'ambika, kachewere ali mbwee mumsewu.

Atangokweza kamera, phokoso lonse linati zii. Amayi anakonza mipango kumutu, abambo anamanga mabatani a malaya, onse n'kundanda ngati kwaya.

"Chonde, pitirizani zomwe mumachita," anadandaula Dailes.

"Iyayi mwanawe," anatero amalume ake, a Silvester, akubisa thumba kumbuyo. "Ukufuna ukatichititse manyazi kutauni? Tijambule bwinobwino."

Dailes anasuzumira mukamera. Unali ukwati winanso, kungoti wopanda mkwatibwi. Anadina.