Mpikisano Womwe Aliyense Ankafuna Kutsalira

Ndinasewera bezibolo, masewera a ku America omenya mpira ndi ndodo, zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa a Thaddeus Kilgallon, m'timu ya ku Harlan Falls, ku Ohio. Iwo anayamba masewerawa atathawa ku mgodi wa malasha, kale anthu akuwakha mpira ndi manja opanda magolovesi, moti zala zawo zinali zopindikapindika. Pofika 1884 anali manijala wathu koma akuseweranso. Ndiwo ankasankha osewera, kugula matikiti a sitima, kukangana ndi woyimbira, kenako n'kukanjuta kumbuyo kwa womenya mpira kuti aziwakha.

Mutu unali wabwino. Vuto linali miyendo. Akamenya mpira, munthu unkatha kutafuna fodya, kulavula, n'kuwapeza asanafike pa thumba loyamba mwa matumba anayi omwe womenya amayenera kuwazungulira chothamanga.

Tsiku lina mwini timu, a Pruitt a fakitale ya mbaula, anafika pabwalo.

"Anthu khumi ndi awiri achuluka, a Kilgallon. Muchotse mmodzi, wochedwa kuposa onse."

Tonse tinayang'ana nsapato zathu. A Kilgallon anapotokola ndevu.

"Ine sindikondera," anatero. "Tithamanga tonse kuzungulira matumba anayi. Wotsalira akapakire."

"Nanunso, akulu?" anafunsa Emil Brandt, mnyamata waliwiro kuposa tonse.

"Kodi ine ndilibe miyendo?"

Palibe anapangana ndi mnzake. A Pruitt atagwetsa chipewa, tinanyamuka ngati tikuperekeza maliro. Emil, yemwe ankapitirira hatchi ya wogulitsa mkaka, anayamba kutsimphina. Ine ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. A Kilgallon ndiwo ankathamanga zenizeni, thukuta kamukamu, mimba ili patsogolo.

Atafika pa thumba lachiwiri anacheuka. Anthu khumi ndi mmodzi tinali m'mbuyo mwawo, wina akutsokomola, wina atagwira chiuno.

"Iwe Emil, mwendo watani?"

"Wangoyamba wokha, akulu."

"Uti?"

Emil anayang'ana pansi. Anali ataiwala.

"Nanga iwe Fergus," anandilozera ine, "nsapato imeneyo ukuyisoka?"

A Kilgallon anaima kanthawi akupuma mwabefu. Kenako anakhala pansi, pathumba pomwepo, n'kupinda manja.

"Dutsani," anatero. "Aliyense adutse. Amene aime pano ndimuchotsa chifukwa cha bodza."

Tinadutsa mmodzimmodzi. Emil podutsa anavula chipewa.

"Valani chipewa, bambo, sindinafe."

Tonse titamaliza, anadzuka, anasasa fumbi, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pomwe panali a Pruitt.

"Wochedwa ndamupeza. Dzina lake Kilgallon. Ndalankhula naye, wakwiya kwambiri, koma manijala ndine."

A Pruitt anaseka mpaka kukhala pa benchi. Ife sitinaseke, maso a mkuluyo anali atafiira. Madzulo ake anatiitanira kunyumba kwawo, akazi awo mayi Honora anatiphikira mbatata ndi nyama yankhumba, ndipo iwo anatinyoza mmodzimmodzi mpaka mbale zitayera.

Anatsogolera timuyo zaka zina zisanu ndi zinayi atakhala pa benchi, atavala jekete, akukalipa ngati kale. Fakitale itapsa mu 1893 timu inatha, iwo anapita ku Indiana kukaphunzitsa ana a pakoleji. Khirisimasi iliyonse ankandilembera kalata. Yomaliza inali ya masamba atatu, awiri akulongosola kuti ine sindinkadziwa kuponya mpira.