Amene Ankabweza Makina a Mwera

Achimwene anga a Faustino analowa mu ofesi ya koperativa ku Metangula osapereka ndi moni yemwe. Pachipumi anali ndi bala lomangidwa ndi kansalu.

"Iwe Yuniya, ukufuna kutipha?"

Dzulo lake mwera unawapeza pakati pa nyanja. Bwato linagubuduka, nyali ndi khoka la chilimira zinapita pansi, anthu anapulumuka chifukwa cha boti la anzawo. Ndipo foni yawo sinalire.

Ntchito yanga ndi yoti foniyo ilire. Koperativa ya asodzi ili ndi makompyuta atatu m'kachipinda kokhoma, ogwira ntchito ngati imodzi. Timati klasta. M'kati mwake mumayenda timapulogalamu totchedwa mapodi, tomwe timaona za mphepo n'kuimbira mwini bwato aliyense masana, anthu asanakankhe mabwato kupita ku usipa. Woyankha amamva mawu ojambulidwa: lero kuli bata, kapena lero kuli mwera. Ine zodina tizithunzi ndilibe. Ndimalemba malamulo pagalasi lakuda la kompyuta, makina n'kumvera.

Ndinatsegula laputopu a Faustino ataimirira pomwepo, n'kulemba kubectl get pods. Mapodi onse anali moyo, onse akuti Running. Nditayang'anitsitsa, ndinaona vuto. Anali mapodi a pulogalamu yakale, imene imadziwa mabwato a Metangula ndi Chiwanga okha. Yatsopano, imene ndinaikamo a ku Nkholongue komwe achimwene anakwatira, panalibe. Ndinalemba kubectl rollout history, makina anandionetsa kuti wina analamula kuti zibwerere kumbuyo. Dzina la munthuyo sananene.

Epa! Makina sadzibweza okha ngati mbuzi yothawa msika. Pamafunika munthu wokhala ndi kiyi, ndipo makiyi a klasta tinali nawo anthu awiri: ine ndi alamu anga a Aristides, akulu ake a mwamuna wanga Beni. Iwo ndi amene anamanga zonsezi, n'kundiphunzitsa, kenako n'kupita kukagwira ntchito ku Lichinga.

Ndinabwezeretsa pulogalamu yatsopano, ndinapepesa achimwene, n'kuyamba kuganiza. Ndipo ine ndikayamba kuganiza sindiganiza zabwino.

Choyamba ndinati alamuwo akufuna ntchito yawo. Mwina ku Lichinga zavuta, akufuna akuluakulu a koperativa anene kuti mkazi uja walephera, itanani mwiniwake. Kenako ndinakumbukira za mawu. Pulogalamu yakale imalankhula ndi mawu a apongozi anga aamuna, malemu a Timoteo, amene anajambulidwa chaka chimene anamwalira, muli chifuwa pakati, ndi tambala akulira kumbuyo. M'yatsopano ndinajambula mawu anga, omveka bwino. Ndinati basi, nkhani ndi imeneyi. Alamu ndi munthu wophunzira chonchija, koma sakufuna kuti mkazi aziuza amuna tsiku lopita panyanja.

Nditamuuza Beni, anangoti, "Ayi, achimwene a Aristides sangatero." Mwamuna wanga ukamuuza kuti nyumba ikupsa, amayamba wafunsa ngati waona bwino.

Ndinawaimbira okha alamuwo.

"Alamu, klasta ikuvuta kuno. Ikumabwerera ku pulogalamu yakale."

"Ee? Mwina magetsi, alamu."

Magetsi! Munthu amene anandiphunzitsa yekha kuti magetsi akazima makina amadzuka momwe anagonera. Ndinati zikomo, ndinadula, ndinatukwana khoma.

Ndikanatha kuwalanda kiyi tsiku lomwelo ndi mzere umodzi wokha. Koma inu mumawadziwa mabanja. Kulanda kiyi mkulu wa mwamuna wako popanda umboni, nkhani yake ifika kwa ankhoswe, ichoke kumeneko ifike kutchalitchi, woipa n'kukhala ine. Choncho ndinayamba kulondera. Masana aliwonse ndinkakhala maso ali pagalasi. Masiku ena kunali zii. Masiku ena, nthawi yoimba ikayandikira, ndinkaona mapodi anga akufa mmodzimmodzi, akale akudzuka, ine n'kubwezanso mwachangu. Tinkakokana ngati anthu awiri pa chingwe chimodzi cha khoka, wina ku Lichinga wina ku Metangula, koma pafoni tikupatsana moni wa ulemu. Ndinaonda nazo. Ngakhale kumsika sindinkapita masana, kuopa kuti ndikatembenuka a ku Nkholongue apita panyanja osadziwa kanthu.

Mwayi unabwera tsiku lodalitsa chiliza cha a Timoteo ku Chiwanga. Alamu anatsika kuchokera ku Lichinga chapa m'mawa, chikwama cha laputopu chili pamsana. Kuchiliza ndi laputopu? Yanganso inali m'dengu, nditaikulunga m'nsalu ya kapulana, koma ine ndinali ndi chifukwa.

Ansembe anadalitsa manda, tinaimba, tinabwerera kunyumba. Ndinawaona alamu kumanda kuja: sanalire, sanaimbe, anangoima manja ali m'thumba. Ndinati mumtima, onani mtima wa mwala. Anthu akudya, kumwera nyanja inayamba kuda, timafunde toyera tikuoneka patali. Ndinazembera kuseri kwa khitchini, ndinatsegula laputopu pamwamba pa mtondo, n'kulemba kubectl get pods -w, lamulo loti makina azindionetsa chilichonse chikangosintha. Sindinadikire nthawi yaitali. Terminating. Terminating. Mapodi anga ankafa ndikuona.

Ndinasuzumira pabwalo. Mpando wa alamu unali wopanda munthu.

Ndinanyamula laputopu ili chitsegulire, ndinadutsa pakati pa mathandala oyanikapo usipa, mchenga ukuwotcha mapazi. Ndinawapeza kuseri kwa bwato lakale la a Timoteo, atakhala pansi, laputopu ili pamiyendo, foni ili m'manja.

"Ndakugwirani! Lero ndakugwirani, alamu! Magetsi aja ndi amenewa?"

Anadzidzimuka, koma sanatseke laputopu.

"Ngati mukufuna ntchito yanu nenani, ndikupatsani pamaso pa anthu. Ngati mawu anga akukunyansani, jambulani anu. Koma achimwene anga anatsala pang'ono kumira chifukwa cha inu!"

"Kumira?" Nkhope yawo inasintha. "A Faustino? Liti?"

"Pulogalamu yanuyo Nkholongue siidziwa! Simunaone?"

Sanadziwe. Ndinaona ndi maso anga kuti sanadziwe, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kuposa poyamba. Ankaganiza kuti ine ndinangosintha mawu basi.

"Nanga n'chifukwa chiyani? Ku Lichinga kuli nyanja yoti muzichenjezedwa?"

Anayang'ana foni ija. "Popanga pulogalamu yakale ndinaikamo nambala yanga, yoyesera. M'yatsopano munaichotsa."

"Ngati ndi mawu a bambo mukufuna, si muli nawo pakompyuta? Mverani mpaka makutu atope!"

"Ndili nawo, alamu. Koma ndikawatsegula ndekha, ndiye kuti ndine ndawatsegula." Anatembenuza foni ija m'manja. "Chichokereni panyanja pano kupita kusukulu, bambo sanandiimbirepo foni ngakhale kamodzi. Ankati ndinathawa bwato. Tsiku lojambula mawu lija anabwera chifukwa koperativa inawatuma, anatha, anapita osandiyang'ana. Ndimangofuna ilire."

Ndinali nditalemba kale lamulo lobwezeretsa pulogalamu yatsopano, chala chili pa Enter. Mphepo inali itayamba kuulutsa usipa pamathandala. Ku Nkholongue nthawi imeneyo anthu amakhala akuthira mafuta m'nyali.

Foni ya alamu inalira.

Anaiyankha ndi manja awiri, ngati mwana wolandira chinthu kwa wamkulu. Mawu ndinkawamva nanenso, aang'ono, okhakhala. "Ana anga, ndine Timoteo. Lero kuli mwera." Kenako chifuwa chija, chimene ndinkachinyoza. Tambala. "Musapite panyanja. Khalani kunyumba, nsomba sizitha."

Ndinadikira mpaka foni inaduka. Kenako ndinadina. Mapodi akale anafa, anga anadzuka, ndipo ndinaona mafoni a ku Nkholongue akuimbidwa. Sindinachoke mpaka ya a Faustino itayankhidwa.

"Alamu, kiyi ndikuchotsa."

"Chotsani."

Ndinalemba mzere uja iwo akuona. Anayesa lamulo limodzi pa laputopu yawo, makina anawayankha kuti Forbidden, ndiye kuti khomo latsekedwa. Anaitseka, anaimirira, anasasa mchenga, n'kubwerera kwa alendo. Ine ndinatsala kuseri kwa bwato, ndikulira ndi mkwiyo, osadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Mawa lake ku ofesi ndinatenga pulogalamu yakale ija, ndinachotsamo manambala onse kusiya imodzi, n'kuiyendetsa pambali, kapodi kamodzi kokha komwe sikakhudza ena. Sindinauze Beni, sindinauze koperativa, ngakhale alamu omwe sindinawauze. Iwonso sananenepo kanthu mpaka lero. Tikakumana pa ukwati kapena pa maliro timangopatsana moni.

Koma masana aliwonse ndikalemba kubectl logs pa kapodi kaja, ndimaona kuti foni ya ku Lichinga yayankhidwa, ndipo woyankhayo wamvera mpaka kumapeto.