Thabwa la a Sulemani

Felister anamva phokosolo ali kuseri kwa nyumba, akuyanika zovala. Silinali lalikulu ayi, kungoti gu! ngati thumba la simenti lagwa pansi, kenako zii. Anaima ndi malaya a bwana m'manja. Ndiye kunamveka kukuwa.

"Mayo ine! Felister! Felister!"

Anali a Sulemani, dalaivala wa panyumbapo, munthu amene Felister anali atatha masabata atatu osamupatsa moni. Mlandu wake unali nsapato. Upile, mnzake wa Felister wogwira ntchito ku Al Nasr, dera lina la mzinda womwewu, ankapita kumudzi, ndipo Felister anapempha a Sulemani kuti akasiye kwa Upileyo kaphukusi ka nsapato zimene ankatumizira mwana wake kumudzi. Iwo anayankha kuti galimoto ya bwana si minibasi. Upile anakwera ndege, nsapato zinatsala pansi pa bedi, ndipo kuyambira tsiku limenelo tiyi wa a Sulemani ankafika atazizira.

Anataya malayawo n'kuthamangira kutsogolo.

Kuno ku Doha, November akafika dzuwa n'kuchepa ukali, mabwana amapenga ndi chipululu. Aliyense amafuna kukagona m'tenti pamchenga, ngati kuti nyumba zawo zikudontha. Bwana wa panyumba iyi, ya m'dera la Rawdat Al Khail, anali ataimba foni m'mawa kuchokera ku ofesi, kuti chigalimoto chake choyera a Sulemani achichotse matayala a pamsewu, amange aakulu a mumchenga, zonse zithe pofika madzulo. Madamu ndi ana anali atatuluka pa galimoto ina. Pakhomopo panatsala anthu awiri osalankhulana.

Chigalimoto chinali chitagwada mbali ya kutsogolo. Jeke inali gone poteropo, pafupi ndi njerwa yapabwalo imene inali itapendama. A Sulemani anali atakhala pansi, miyendo ataitambasulira kunsi kwa galimoto monga amachitira madalaivala pokankha tayala lolemera ndi mapazi kuti lilowe m'malo mwake. Mwendo wamanzere anali atautulutsa. Wamanja unali utapanikizidwa ndi chitsulo, pansi pa bondo. Chimene chinaletsa galimoto kuti isatsikiretu chinali tayala latsopano lija, limene linali litakodwa chopendekera. Ndipo linkatsetsereka pang'onopang'ono, likulira ngati chitseko chosadzoza mafuta.

"Imbani 999," anatero a Sulemani, mano ali gwa. "Yalla, fulumirani chemwali!"

Felister anaimba. Mayi amene anayankha anafunsa m'Chingerezi kuti ali kuti, koma Felister adiresi sankaidziwa. Zaka zitatu akusesa pageti limenelo, koma manambala a adiresi a pa kachikwangwani kabuluu ka pamenepo anali asanawawerengepo. Anathamanga, n'kutsegula geti, n'kuwerenga manambala atatu onsewo mokuwa. Mumsewu munalibe munthu. Mipanda yaitali yokhayokha, mageti otseka, ndi mphaka mmodzi pansi pa bini. Anakuwabe, Chichewa, Chingerezi, ndi Chiluya chochepa chimene ankadziwa, koma anamuyankha ndi makina oziziritsa m'nyumba okha.

Atabwerera anapeza tayala latsetserekanso. Nkhope ya a Sulemani inali itatuwa.

"Akuti akubwera, ten minutes."

"Ten minutes ilibe, chemwali. Tayala ili likachoka, mwendo wapita." Anapuma movutikira. "Ndi wamanja uwu. Woponda mafuta. Ukapita, khalas, zatha, ndine wa pandege yobwerera kumudzi."

Felister anachita mantha amene anali asanawamvepo chibadwire. Ankadziwa za ana awo anayi ku Mangochi, ankadziwa za mkazi wawo wodwala shuga, pakuti asanayambane ankaonetsana zithunzi kukhitchini. Onsewo ankadya kuchokera pa phazi limenelo.

"Ndiuzeni chochita, bambo."

"Handbrake ndinakoka. Tengani njerwa ziwiri paja pa maluwa. Tayala la kumbuyo, la mbali inayo. Imodzi kutsogolo kwake, ina kumbuyo. Muzimenye ndi phazi zilimbe."

Anatero. Kenako anatola jeke, yolemera kuposa mmene inkaonekera, n'kupukusa chogwirira chake mobwerera mpaka inafupika. Anagona chafufumimba kuti aikankhire kunsi.

"Ayi! Musalowetse mutu! Dzanja lokha." A Sulemani anagwira phewa lake. "Komanso osaika panjerwa chabe. Pansi apa ndi mchenga, ipendamanso ngati poyamba. Pakufunika thabwa. Chilichonse chokhuthala, chemwali, wallah ndikulumbira, chilichonse."

Thabwa linalipo. A Sulemani anali nalo lawolawo, lokhuthala ngati Baibulo la paguwa, lakuda ndi mafuta, limene ankayala pansi pa jeke nthawi zonse. M'mawa womwewo anali ataima pakhomo la khitchini n'kufunsa kuti, "Thabwa langa lija simunalione?" Ndipo Felister, osatembenuka n'komwe, anayankha kuti, "Ndine mlonda wa matabwa ine?" Chikhalirecho thabwalo linali pansi pa makina ochapira. Analitenga yekha Lachiwiri, chifukwa makinawo ankavina pofinya zovala mpaka kugunda khoma. Akanatha kunena. Koma bodza lija linamukomera m'kamwa, ndipo anapitiriza kutsuka mbale mtima uli mbee.

Tsopano Felister ananyamuka n'kuthamangira ku makinawo.

Makina anali odzaza madzi ndi matawulo. Anawakankha, osasuntha. Anazula chingwe cha magetsi, n'kuponda khoma ndi phazi limodzi, n'kukankha ndi msana wonse akulira ngati mwana. Chinthucho chinapendama, chinaganiza kaye, kenako chinagwa cham'mbali, madzi a thovu n'kukhuthukira pansi ponse. Za madamu sanaziganize n'komwe. Anasolola thabwa n'kuthamanga nalo atalikumbatira.

A Sulemani analiyang'ana, n'kumuyang'ananso iye.

"Liyaleni apo. Jeke pakati penipeni. Tsopano papasani ndi dzanja, pali chitsulo chachikulu chimene chayenda m'litali. Osati poponda phazi pokwera, pamenepo ndi pofewa. Chitsulo chenichenicho."

"Ndachipeza."

"Pukusani."

Anapukusa. Poyamba kunali kopepuka, kenako jeke inakumana ndi chitsulo, ndipo chogwirira chinauma ngati chakhomedwa. Felister anagwada, n'kuchigwira ndi manja onse awiri. Manja amenewo anali atachapa makapeti a nyumba yonse, anali atanyamula mabotolo aakulu a madzi mpaka chipinda chapamwamba, lero ndiye akane? Chinazungulira. Thabwa linalira, koma silinasunthe. Chinazunguliranso.

"Imani kaye. Tayala limene ndachotsa lija, ligubuduzeni, muligoneke kunsi kwa chitsulocho. Jeke ikatinamiza, galimoto igwere pamenepo."

"Likalika, bwana akalipa."

"Akalipe!"

Analikankhira kunsi, chitsulo chake chonyezimira chikukwekwesa panjerwa. Nthawi yomweyo tayala latsopano lija linamasuka n'kugwera panja, phu! Chigalimoto chinagwedezeka. Felister anatseka maso, akudikira kukuwa. Atatsegula anaona jeke ili chilili pathabwa pake, yowongoka.

"Pukusani, mwana wa amayi, pukusani," a Sulemani ankangonong'ona tsopano.

Chikhatho chinasupuka, magazi anapaka pa chogwirira. Anawerenga kasanu, kakhumi, n'kusiya kuwerenga. Ndiye pakati pa chitsulo ndi thalauzi panaoneka kampata kolowa chala. Anapita kumbuyo kwawo, n'kuwagwira m'khwapa, n'kukoka. Onse awiri anagwera chagada padzuwa, kutali ndi galimoto.

Ambulansi inawapeza ali pomwepo. Anthu ake anadula thalauzi, navula nsapato, namanga mwendo. Fupa linali litathyoka, zimenezo ngakhale Felister ankaona. Mmodzi wa iwo anagwira phazi n'kuwauza a Sulemani kuti ayese kugwedeza zala. Phazi linangokhala, lotupa, lotuwa ngati si lawo. Kenako chala chachikulu chinagwedera, zinzake n'kutsatira. Munthu uja anagwedeza mutu n'kunena kuti fupa limalumikizika, mwendo ulipo.

Powanyamula pa machira anadutsa nawo pafupi ndi jeke. A Sulemani anatembenuza mutu. Thabwa linali likadali lonyowa, thovu likuuma m'mbali mwake.

"Likununkhira sopo," anatero.

Felister anagwada panjerwa zotentha, misozi ili chuchuchu. "Ndinatenga ndine, bambo. Ndinakunamizani. Ndikanakuphani ine."

"Ndinkadziwa, chemwali."

"Munkadziwa?"

"Makina aja anasiya kuvina Lachiwiri. Chipinda changa chili kuseri kwa khoma lomwelo." Anatseka maso. "Kungoyenda masitepe khumi n'kukalitenga. Koma ndinati ine sindingapemphe kawiri kwa munthu wonditumizira tiyi wozizira."

Anawalowetsa, zitseko n'kutsekedwa. Felister anatsala yekha pabwalo, madzi a sopo akutuluka pakhomo la kuseri n'kumayenderera mpaka pageti. Analowa kukhitchini ndi dzanja lake la magazi, n'kutereka madzi, n'kutsitsa fulasiki yaikulu ija imene madamu amasungira alendo. Kuchipatala sankadziwa kuti akafika bwanji, koma tiyiyo anayenera kukafika akutentha.