Mboni Yomaliza ya Marlys Koskela

Mayi Marlys Koskela ndinakumana nawo pa depoti ya basi kumpoto kwa Michigan, chipale chofewa chitatseka msewu. Anandigawira khofi, nkhani n'kuyambika.

Mu 1958 anali mtsikana yekhayo m'kalasi ya mainjiniya a migodi, ndipo mayeso onse ankakhala woyamba. Pakolejipo panali bungwe laulemu lomwe linkasankha ophunzira anzeru okhaokha. Anyamata amene ankakopera masamu awo analowa, koma iwo anangolandira kalata yowayamikira, chifukwa lamulo linkati amuna okha.

Lamulolo linasintha patapita zaka, koma mayiwa anali adakali ndi mkwiyo, sanafune n'kumva komwe. Mtima unatembenuka chaka chino dokotala atawauza kuti chilimwe, chomwe kumeneko chimayamba mu Juni, sadzachiona. Anafuna kuti dzina lawo lilowe m'bungwemo asanapite.

Ana asukulu amene akuyendetsa bungwelo lero anawalandira bwino, mpaka kuwakumbatira. Chovuta chinali mwambo wake: wolowa mochedwa amafunika membala wa m'kalasi mwake kuti amuchitire umboni ndi kusaina. Anafufuza mayina onse. Wamoyo anali mmodzi, Duane Tervo, yemwe amakhala kunyumba yosungirako okalamba ndipo mutu unasokonekera.

Tsiku limene tinakumanalo n'kuti akuchokera kumeneko. Anati Duane anawazindikira atangolowa, nawafunsa ngati amaliza masamu a Lachinayi kuti aoneko. Anaseka onse awiri. Kenaka anamuikira pepala ndi cholembera pamiyendo, n'kumufotokozera pang'onopang'ono, kawiri.

“Koskela, iwenso,” anatero Duane. “Ukufuna andichotse? Atsikana salowa.”

“Linasintha lamulo lija, Duane. Kalekale.”

“Tidzakambirana ku msonkhano wa chaka chamawa. Ine ndidzakuvotera, usauze anzanga.”

Namwino anawanong'oneza kuti angomugwira dzanja alembe, palibe adzadziwe. Mayi Koskela analigwiradi. Linali lopepuka, losakana chilichonse. Anati pomwepo anaona kuti umboni wotere ukhala wodzilembera okha, n'kulisiya.

Ndinawafunsa ngati anawo sangaphwanyeko mwambo. Anayankha kuti alembera akuluakulu a bungwe, ndipo nkhaniyo idzakambidwa pa msonkhano waukulu mu Okutobala.

Apa n'kuti tili mu Febuluwale. Ndinangowanyamulira chikwama basi yawo itafika.